Adadi, yabwerera pa ziro

Dishi yathu ya TV inakhala kuseri kwa nyumba milungu itatu, itagona chagada pafupi ndi thandala la mbale. Mvula ikagwa inkadzaza madzi, nkhuku za aneba n'kumadzamwera momwemo. Tsiku lina pochokera kuntchito ndinapeza amake Tadala ayitsuka mbee, ayanikamo nkhwani wa mfutso. Sananene kanthu, inenso sindinafunse, koma uthengawo unafika.

Tinali titangosamukira kumene ku Mzuzu kuchokera ku Kawale, pa transifa ya kuntchito. Tsiku lopakira katundu pa lole dishiyo ndinayimasula ndekha, ndipo ndinayimasula mwaukhondo: mbale payokha, mkono pawokha, chitsulo chogwirira pachokha, mabawuti onse m'kajumbo ka shuga. Ndinkadziona munthu wadongosolo. Ndinadzadziwa mochedwa kuti mabawuti amene amaweramitsa ndi kudzutsa mbale aja ndikanangowasiya momwe analili, theka la ntchito likanakhala litatha kale, poti kapendekedwe ka dishi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kamasiyana ndi digiri imodzi yokha.

Mnyamata wina woyika madishi anabwera kudzaona malo. Anazungulira nyumba kamodzi, kuyang'ana kumwamba, kuyang'ana mtengo wa mapeyala wa kumpanda, kenako n'kutchula mtengo wake wa iyeyo. Mwezi wosamuka thumba limakhala lobooka: lendi ya miyezi itatu, yunifolomu yatsopano ya mwana, majuzi amene ku Lilongwe sitinkawafuna kwenikweni. Ndinamuuza kuti ndimuyimbira. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti mabawuti owerengeka ndi waya mmodzi si zolipirira munthu. Lero mutandifunsa ndinganene mosabisa kuti mnyamatayo sanandidulitse. Sankagulitsa kumanga mabawuti, ankagulitsa kudziwa pamene pali kadontho kosaoneka kumwambako.

Ine ndine wa m'badwo wa Philibao ndi Wiztech. TV ya dziko lino inayamba mu 1999, ndipo kwa zaka zingapo inali yokhayo, ndiye atabwera madikoda aulere aja tauni yonse inasanduka ya ku Joni. Madzulo m'makomo munkamveka Chizulu ndi Chisutu, anthu akutsatira masewero a pa SABC ngati nkhani za abale awo. Mu 2013 ma channel amenewo anatsekedwa kwa ife akunja, madishi ambiri n'kusanduka zovundikira makola a nkhunda. Yanga sindinataye. Ndinadzagula dikoda ina yaulere, n'kupitiriza kuonera zotsala pa setilaiti yomweyo: nkhani za kunja pang'ono, nyimbo, ndi mapemphero osawerengeka. Za mpira wolipira ndimakaonera kwa anzanga.

Choyamba kundiyimitsa anali alandilodi, mayi wachikulire amene amakhala nyumba yaikulu ya kutsogolo kuno ku Chiputula. Anandipeza ndikugogoda khoma ndi chala.

"Mwana wanga, khoma limenelo musaliboole. Amene analimo kale anandisiyira mabowo ngati mwadutsa chiswe."

"Amama, ndi mabowo anayi okha."

"Iwonso ankatero."

Ndinabwerera m'nyumba ndikung'ung'udza, koma mayiyo ankalidziwa khoma lake. Njerwa n'zowotcha, koma anamangira dothi, simenti ili pa pulasitala pokha. Bawuti m'khoma lotere imagwira mwezi umodzi, kenako imayamba kugwedera ngati dzino la mwana. Ndipo dishi ya masentimita 90 mphepo ikamawomba imakankhidwa ngati chitseko. Tinagwirizana zodzala paipi pansi. Ndinakagula paipi yachitsulo ku hadiweya m'tauni, wakabaza n'kundinyamulira atayimanga chopingasa, anthu akuthawa m'njira.

Koma paipi uyidzala pati? Apa m'pamene ndinayamba kuyenda m'makwalala a Chiputula khosi lili m'mwamba ngati munthu wosaka nyumba ya lendi. Ndinkaganiza kuti ndingoona kumene madishi a anzanga aloza, inenso n'kulozetsa komweko. Ndinasokonezeka. Ena ayang'ana kum'mawa, ena kumadzulo, ena agona chagada ngati akudikira mvula. Nyumba imodzi ya pafupi ndi msika ili ndi awiri ofulatirana ngati banja lokangana.

Anandimasulira ndi a Phiri, aneba a kuseri kwa mpanda, mkulu wa kwawo ku Nkhotakota amene anapuma ntchito ya matelefoni a waya. Anatola kamtengo n'kujambula pansi. Masetilaiti onse a TV ali pamzere umodzi, pamwamba penipeni pa equator, makilomita 35,786 kuchokera pansi. Pamtunda umenewo chinthu chimazungulira dziko kamodzi pa tsiku, liwiro lofanana ndi la dziko lenilenilo, ndiye kwa ife chimaoneka chili chiimire. N'chifukwa chake dishi ukayimanga bwino suyigwiranso. Mzuzu ali madigiri 11 ndi theka kum'mwera kwa equator, choncho mzere wonsewo uli chakumpoto kwathu, utapindika ngati utawaleza kuchokera kum'mawa kukagwera kumadzulo. Pa utawalezawo aliyense ali ndi mpando wake. Madishi ogona chagada aja akuyang'ana setilaiti ya Eutelsat ya pa 36E, kutanthauza madigiri 36 kum'mawa pa mapu a dziko, kumene kumachokera DStv ya maiko ambiri a mu Africa, ndipo poti Mzuzu ali pa 34E, setilaitiyo ili pafupifupi paliwombo pathu, madigiri 76 kuchokera pansi. Oyang'ana kumadzulo ambiri ndi a Azam, pa 7E. Yanga inkafuna Intelsat 20, pa 68.5E, imene ili pamwamba pa nyanja ya Indian: kuchokera kumpoto upotoloke madigiri 74 kulowera kum'mawa, ukweze madigiri 48.

"Ndiye muone, achimwene," anatero akuloza ndi kamtengo kaja, "mtengo wa mapeyala uwu uli panjira yanu ndendende. Siginolo imeneyi siboola masamba."

Tinasuntha malo mpaka kukona kwa bafa, pamene nsonga ya mtengowo inkatsalira m'munsi mwa njira ya siginolo. Ndinakumba dzenje lopitirira m'mawondo. Kumunsi kwa paipi ndinalowetsako chitsulo chopingasa kuti isadzazungulire m'kati mwa konkire, nzeru ya a Phiri imeneyo. Levulo ndinalibe, ndinamangirira mwala kuchingwe n'kuyeza mbali ziwiri, kutsogolo ndi cham'mbali. Apa musachite ulesi. Paipi ikapendama ngakhale pang'ono, ukamazunguza dishi kumanja imakhala ikukweranso kapena kutsika yokha, ndiye umasaka zinthu ziwiri nthawi imodzi osadziwa. Ndinathira konkire Lachiwiri, n'kumathirira madzi m'mawa ndi madzulo mpaka Lachisanu.

Kebulo yakale ya ku Kawale inali ndi majointi atatu okulunga ndi selotepi, ndinangoyipatsa amake Tadala kuti ayanikirepo zovala. Yatsopano ndinakayifuna ku msika wa Taifa, a Phiri atandipatsa kamaginito kochokera m'sipika yakufa. Kebulo ya dishi ndi RG6, ndipo kunja zonse zimaoneka zofanana. Kusiyana kuli m'kati. Pakati pali waya mmodzi wolimba, kenako chinkhupule choyera, kenako kapepala konyezimira ngati ka m'paketi ya fodya, kenako ukonde wa tiwaya tosalala ngati tsitsi, pamwamba chikopa. Yotchipa ukondewo umakhala wapatalipatali moti ungawerenge tiwayato. Ndipo waya wapakati uja ukamamatira ku maginito, dziwani kuti ndi chitsulo chongopakidwa kopa pamwamba. Imagwira ntchito ndithu pa mtunda waufupi ngati wanga, koma madzi akangoyipeza imachita dzimbiri msanga. Wogulitsa atandiona ndikutulutsa maginito m'thumba anaseka, n'kulowa pansi pa tebulo kukatenga mpukutu wina.

Chimene sindinkachidziwa n'chakuti kebulo imeneyi imanyamula katundu popita ndi pobwera. Kamutu kamene kamakhala kunsonga kwa mkono wa dishi, LNB, kamadya magetsi, ndipo magetsiwo amachokera m'dikoda kudzera m'kebulo yomweyo. Dikoda ikatumiza mavoti 13, kamutuko kamamvera siginolo yoimirira. Ikatumiza 18, kamamvera yogona. Palinso kakulira ka 22 kHz kamene kamakauza kuti kasinthe kuchoka ku mafrikwensi apansi kupita apamwamba. Ntchito yake n'kulandira siginolo ya pakati pa 10.7 ndi 12.75 GHz, imene singayende m'waya wamba, n'kuyitsitsa kufika pakati pa 950 ndi 2150 MHz kuti itsetsereke mpaka pabalaza. Manambala a 9750 ndi 10600 amene mumawaona pa menyu, pamene palembedwa Universal, ndi a ntchito imeneyi. Mwana akawasintha posewera ndi rimoti, mudzakwera padenga pachabe.

Kebuloyo sindinayidutsitse pazenera monga tinkachitira ku Kawale, pamene felemu inkayitafuna tsiku ndi tsiku. Ndinayikweza m'mbali mwa khoma ndi timakilipi ta misomali, n'kuyilowetsa pa kabowo ka mpweya ka pamwamba pa zenera, osayipinda mwamphamvu pamakona, osayigundanitsa ndi waya wa magetsi. Alandilodi anaima poteropo akuwerenga misomali.

Loweruka m'mawa ndinamanga dishi papaipi, kulumikiza zonse, kuyatsa. Pa TV panabwera mawu akuti LNB short, dikoda n'kumalira kachiphokoso kapansipansi. Ndinazimitsa, kuyatsanso. Chimodzimodzi. Ndinayamba kuganiza kuti kamutu kanafera pa lole.

A Phiri anasuzumira pampanda. "Tamasulani kachitsulo ka kumapeto kwa kebulo ndione."

Kachitsulo kameneka, F connector, n'kotchipa, koma ndi pamene pagona ntchito yonse. Umasenda chikopa chakunja pafupifupi sentimita imodzi ndi theka ndi lezala, mosamala kuti usadule ukonde. Ukondewo umaupindira m'mbuyo pamwamba pa chikopa, ngati mkono wa malaya. Kenako umadula chinkhupule choyera, kusiya kachidutswa kakang'ono, waya wapakati n'kutsala pamtunda. Ukatero umapotokola kachitsuloko mpaka choyeracho chifike pakamwa pa kabowo ka m'kati, waya wapakati atatulukira kunja pang'ono ngati lilime la njoka. Mkuluyo anatenga yangayo, kuvala magalasi, kuyitembenuzira kudzuwa. Sanalankhule. Anangondipatsa kuti ndione ndekha. Kawaya kamodzi ka ukonde, kochepa kuposa tsitsi la Tadala, kanali katazungulira waya wapakati. Magetsi opita ku LNB ankangobwerera pomwepo. Anakachotsa ndi nsonga ya singano.

"Ndipo polumikiza muzizimitsa dikoda kukhoma. Mudzawotcha chinthu cha ndalama chifukwa cha changu."

Uthenga uja unachoka. Tsopano kusaka.

Tinagawana ntchito. Ine kukona kwa bafa pamwamba pa mpando, sipanala ya 13 m'thumba. Tadala, amene ali Sitandade 6, pabalaza pamaso pa TV, zenera lotsekula. Wogulitsa dikoda uja anandilembera kalekale frikwensi imodzi yamphamvu pa katoni, ndiye tinayika imeneyo. Pa sikirini pali mizere iwiri, wina Strength, wina Quality.

"Tadala, zili bwanji?"

"Wapamwamba 68, adadi! Wapansi ziro!"

Ndinasangalala, ndikuti 68 ndiye tayandikira. Ndinakhala ola lathunthu ndikuthamangitsa nambala imeneyo, ikakwera kufika 70 mtima n'kumagunda. Kunali kudzinamiza. Mzere wapamwamba umangokuuza kuti kamutu kali moyo ndipo kebulo ndi yolumikizika. Ngakhale dishi uyilozetse kuchimbudzi umaonetsabe kanthu. Wofunika ndi wapansiwo, ndipo umakhala pa ziro mpaka utagunda setilaiti yeniyeniyo. Sukuuza kuti wayandikira. Dishi ya kukula ngati yanga imaona kachigawo ka thambo ka madigiri awiri kapena atatu basi, ngati kusuzumira kumwamba kudzera m'bango.

Kampasi ya pa foni inandisokeretsanso. Ndikaima pafupi ndi malata a bafa inkati kumpoto ndi uku, ndikasuntha mapazi atatu inkati ndi uko. Chitsulo chimayikoka. Cha m'ma 11 magetsi anathima. Anabwera cha m'ma 3, kunja kutachita mdima wa mitambo, kamvula kowaza ka ku Mzuzu katayamba, kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa. Ndinapitiriza nditavala jekete. Mawu a Tadala anayamba kutopa: "Ziro. Ziro. Zirobe." Kenako anasiya kuyankha, nditasuzumira ndinapeza akusewera bawo ya pa foni ya mayi ake.

Amake Tadala anatuluka ndi kapu ya tiyi. "Bambo a Tadala, nambala ya mnyamata uja mukadali nayo?"

"Ndatsala pang'ono."

"Ndangofunsa."

Usiku umenewo ndinagona khosi likuwawa. Chimene chinkandipweteka kwambiri si khosilo ayi, koma kuti anyamata a pa shopu ya kutsidya anandionerera tsiku lonse.

Lamulungu a Phiri anagogoda pampanda kusanache bwino. Kumwamba kunali kutayera. Anandiimika kumbuyo kwa paipi n'kunena kuti tidikire dzuwa. Kunali kumayambiriro kwa May, ndipo masiku amenewo dzuwa ku Mzuzu silitulukira kum'mawa kwenikweni, limapendekera kumpoto, pafupifupi pa madigiri 74 omwe aja. Litangosuzumira pamwamba pa mitengo ya mbali ya ku Kaning'ina, mkuluyo anati, "Lozetsani mkono wa dishi pamenepo. Kampasi yanu ndi imeneyo." Kenako anayang'ana mmene ndinapendeketsera mbale n'kugwira pakamwa.

Apa ndi pamene panali kulakwa kwanga kwakukulu. Manambala a pa chitsulo chakumbuyo anali atafufutika ndi dzimbiri, ndiye ine ndinangoyeza ndi maso kuti nkhope ya mbale iyang'ane madigiri 48 m'mwamba. Koma madishi athu ang'onoang'onowa si ozungulira ngati lichero, ndi otalikirapo ngati dzira, ndipo kamutu kamakhala cham'munsi, osati pakati. Dishi yotere imaona pamwamba kuposa pamene nkhope yake yaloza, ndi madigiri opitirira 20. Tsiku lonse la Loweruka ndinkasesa thambo la pamwamba pa setilaiti yanga, kumene kulibe kanthu. Tinayiweramitsa mpaka inaoneka ngati ikuyang'ana nsonga ya mtengo wa mapeyala. Mtima wanga unkakana, ndikuti apa tikuloza masamba.

Tinatulutsa TV ndi dikoda pakhonde, pamene ekisitenshoni inathera. Kuchokera kubafa sikirini sinkaoneka, ndiye Tadala anabwerera pa udindo wake, atafunda bulangete, tulo tili m'maso.

"Musamagwire mkono kapena kamutu, gwirani m'mphepete mwa mbale, muli kumbuyo," anatero a Phiri. "Mukaima kutsogolo mutu wanu ukutchinga. Sunthani pang'ono ngati mukuopa kudzutsa mwana, muime, muwerenge mpaka faifi. Dikoda imachedwa kuganiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Dzulo lake ndinkazunguza dishi ngati chiwongolero cha minibasi. N'kutheka kuti ngakhale ndikanakhala pa msinkhu woyenera ndikanayidutsa osadziwa. Tsopano ndinkasuntha mwina theka la chala, kuima, kupuma. Kumanja kasanu. Palibe. Kubwerera pakati, kumanzere kasanu. Palibe. Kukweza pang'ono, kuyambiranso. Ulendo wachitatu, ndili pakati pa kuwerenga:

"Adadi! 12! Wapansi 12!"

Dzanja linanjenjemera ndi chimwemwe.

"Adadi, yabwerera pa ziro."

A Phiri anaseka mpaka kutsokomola. Koma tsopano tinkadziwa kuti ili pompo. Ndinabwerera m'mbuyo kachidutswa kosaoneka ndi maso. 15. 23. Kukweza pang'ono, 31. Kukwezanso, 27, ndiye kubwerera. Inakakamira pa 34 osafuna kupitirira.

Chotsala chinali kupotokola kamutu. Poti setilaitiyo ili kutali chakum'mawa, chimene iyo imati choimirira kwa ife chimafika chopendama, ndipo kuno pafupi ndi equator chimapendama kwambiri, pafupifupi madigiri 70. Ine ndinali nditakamanga mowongoka, kebulo ikulendewera pansi ngati muvi wa wotchi pa 6 koloko, poti ndi mmene kamaonekera bwino. Mkuluyo anati ndiime kutsogolo kwa dishi, ndikazunguze mpaka kebulo iloze cha pa 4 koloko. Ndinazunguza, n'kuchoka kutsogoloko.

"52! 60! 71, adadi, 71!"

Pomanga mabawuti inatsikanso kufika 55, chifukwa bawuti ukamayilimbitsa imakoka dishi kumbali yake. Umayenera kumanga mosinthanasinthana, iyi pang'ono, inayo pang'ono, khutu lili kwa wowerenga. Tinathera pa 69. Ndinapempha kyuteksi wofiira kwa amake Tadala n'kulemba mizere pa paipi, pa chitsulo chopendeketsera ndi pa khosi la kamutu, kuti tsiku lina mphepo kapena mpira wa ana ukadzasuntha, ndidzangobwezera pa mzere. Titapanga blind scan, yoti dikoda isake yokha ma channel onse, ma channel anayamba kutsika ngati ngumbi. Chithunzi choyamba kuoneka pakhonde pathu chinali cha m'busa wina wovala suti yoyera, thukuta lili kamukamu, akukalipira chiwanda. Alandilodi, amene ankapita ku tchalitchi, anaima n'kuonerera mpaka anachedwa.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, ine ndili ngwazi. Koma Mzuzu ndi mvula.

Pali kuthawa kwa chithunzi kumene sungachitepo kanthu. Siginolo ya madishi ang'onowa imamwedwa ndi madontho a mvula, ndiye chimtambo chakuda chikaima pakati pa iwe ndi setilaiti, chithunzi chimayamba timabokosi, mawu n'kumadukaduka, kenako zii. Poti yathu yaloza kum'mawa, mvula yochokera mbali ya kunyanja imayamba yadula TV isanafike pakhomo. Amake Tadala anazitulukira okha zimenezi, moti m'busa akangoyamba chibwibwi iwo amathamangira kukanula zovala. Mtambo ukadutsa chithunzi chimabwerera chokha.

Koma kumapeto kwa July ma channel ena anayamba kusowa kunja kuli ngwee. Ena alipo, ena palibe. Ndinayang'ana mizere ya kyuteksi, yonse ili m'malo. Nditamasula kachitsulo ka ku LNB munatuluka madzi, waya wapakati atada bii, ukonde utasanduka ufa wotuwa. Mawawa a June ndi July aja, osagwa mwamphamvu koma osaleka, anali akulowa pang'onopang'ono. Ndi kamutu kopendama cha pa 4 koloko, polumikizira pamakhala pamtetete, ndipo ine kamphira kotchingira madzi pamenepo ndinali nditakasiya m'kajumbo ka shuga, ndikuti n'kokongoletsera. Madzi akalowa m'kebulo amayenda m'kati mwa ukonde ngati mafuta m'chingwe cha koloboyi. Ndinadula pafupifupi mita yathunthu ndisanapeze pouma. Mwayi ndinali nditasiya yotsalira yokulunga kumbuyo kwa dishi. Amene amadula kebulo yokwanira ndendende amadzalira tsiku ngati limeneli.

Ndinayika kachitsulo katsopano, kuveka kamphira, kukulunga tepi kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti m'mphepete mwake muzitsetsereka madzi ngati malata. Ndinakonzanso polowera m'nyumba. Poyamba kebulo inkachokera m'mwamba n'kulowa pa kabowo ka mpweya molunjika, madzi n'kumatsata mpaka kudetsa khoma la m'kati. Tsopano ndinayitsitsa kaye m'munsi mwa kabowoko n'kuyikwezanso, kuti ipange kathumba ngati chilembo cha U. Madontho amathera pansi pa kathumbako. Kadontho ka dzimbiri kamene kanatsala pakhomalo ndinakapaka laimu alandilodi asanakaone.

Za mphenzi ndilibe nazo ukatswiri, ndimangochita chimene a Phiri amachita: kukayamba kugunda, timazula pulagi kukhoma ndi kebulo kumbuyo kwa dikoda, tonse n'kukhala pansi kumamvera wailesi ya mabatire. Wailesiyo ili ndi mwayi wina. Siginolo ya dishi imayenda makilomita oposa 70,000, kukwera ndi kutsika, kuwonjezapo kuganiza kwa dikoda, ndiye pa zochitika za pompopompo wa wailesi amayamba kukuwa iwe wa dishi usanaone kanthu.

Mbiri inamveka m'dera. Anthu awiri andipemphapo kale kuti ndikawayikire, ndipo onse ndinawapatsa nambala ya mnyamata uja. Wachitatu anali alandilodi eniake, amene sungawakanire. Yawo ndi ya 36E, yogona chagada, ndipo inanditengera mphindi 40 zokha, Tadala akuwerenga manambala ngati kalaliki wa ku banki. Malipiro ake anali nkhuku yamoyo ndi chigamulo chakuti tikadzasamuka paipi ya kubafa tisadzazule.

Za mtengo wa mapeyala ndiye sitinamvane. Chaka chino mvula yaukomera, nthambi imodzi yakwera molunjika kumene dishi yanga imayang'ana, ndipo mphepo ikawomba chithunzi chimagwedera nayo limodzi. Ndinapita ndi chikwanje m'manja kukapempha.

"Amama, kanthambi kamodzi kokha."

Anatuluka, kuyang'ana m'mwamba, kuwerenga ndi chala. Pa nthambiyo pali mapeyala 14.

"Akapsa amenewo mudzadule, mwana wanga."

Panopa ndi aakulu ngati mazira a nkhuku. Tadala amatsekula menyu Loweruka lililonse n'kulemba nambala ya mzere wapansi kumapeto kwa kope lake la masamu. Loweruka lapitali inali pa 58.